Shelefu ya a Pulofesa Pricop

Iași, 4 Okutobala 1998

Octav mlongo wanga,

Landira moni wa kuno. Uli bwanji, bondo lija linasiya kutupa? Chichokere Ogasiti sunalembe, ndipo a Ghiță a basi ya ku Italy akangondiona amapukusa mutu ndisanafunse n'komwe. Lembako ngakhale mizere iwiri, tidziwe kuti matailosi ukuikawo sanakukwirire.

Kuno yunivesite yatsegulidwa. Mphunzitsi aliyense akubwera ku laibulale ndi mndandanda wa mabuku a phunziro lake, ine n'kumufunira, n'kuwaika pa shelefu ya dzina lake kuti ophunzira aziwerenga pomwepo. Buku limene tilibe ndimalembera ku laibulale ya ku Cluj kuti atibwereke. Aliyense akufuna zake zichitike dzulo. Wina akuti ndimupezere nkhani ya m'magazini ya Chijeremani. Mutu wake sakuukumbukira, mlembi wake ayi, koma chikuto akuti chinali chobiriwira. Ndikuifunabe.

A Tata awapatsanso phunziro la nthaka, ngakhale zaka zopuma anazipitirira kalekale. Palibenso wina, achinyamata a dipatimenti yawo ali konko kwanuko akusenza simenti. Lolemba anabwera pa kauntala nati, "Mayi Zaharia, nawu mndandanda wanga." Ine, "Zikomo a Pulofesa." Usaseke. Lamulo lawo lija silinasinthe: kunyumba ndine Smaranda mwana wawo, koma m'laibulale ndine Mayi Zaharia, dzina la mwamuna wanga uja, chinthu chokha chimene anandisiyira. Lachitatu anabweranso ndi mndandanda womwewo, naupereka ngati koyamba. Ndinalandira. Lachisanu anabwera atakwiya, akuti chaka chino laibulale yagona tulo, sinawafunse n'komwe mndandanda.

Ndinati, "Pepani a Pulofesa, tikonza." Atatuluka ndinadikira kuti mtima ugunde kapena misozi ibwere. Palibe chinabwera. Ndinangopitiriza kudinda makhadi mpaka nthawi yoweruka.

Ndakutumizira tchizi ya nkhosa ndi botolo la mabiringanya. Botolo libwerere.

Smaranda

Torino, 25 Okutobala 1998

Achemwali,

Ndalandira, ndadya, botolo ndanyambita. Bondo lilipo, likungodandaula ngati apongozi. Nanga inu muli bwanji ndi katswiri wathu wa dothi?

Za kuiwalazo musandiopseze nazo. Munthu uja anabadwa woiwala. Simukukumbukira anandisiya poimira tramu, kasitima ka m'tauni kaja, ndili kamwana, iwo n'kukwera atakumbatira thumba la dothi ngati ndilo anabereka? Dothi sanaliiwale. Vuto lanu mukuwaona mopitirira. Kuntchito muli nawo, kunyumba muli nawo, mpaka mwayamba kuwatembenuza ngati buku lobwezedwa, kufunafuna tsamba long'ambika. Tulukaniko, mukaonere kanema, mupeze mwamuna wa mano onse.

Koma ngati pali chenicheni mundiuze. Musandibisire monga munachitira pa matenda a Mama, pamene ine ndinamva bokosi litagulidwa kale. Zija sindinaziiwale, ine sindine a Tata. Muwauze andilembere okha ndi dzanja lawo, ndione ndekha.

Ndawatumizira nsapato za m'nyengo yozizira. Akanena kuti n'zodula, muwauze kuti ndinatola.

Mlongo wanu wosamva,
Octav

Iași, 15 Novembala 1998

Mwana wanga Octavian,

Ndikukupatsa moni, ndipo ndikukhulupirira kuti ukugwira ntchito mwaulemu m'dziko la eni. Undidziwitse za thanzi lako. Nsapato zafika. N'zazikulu pang'ono, koma phazi la nkhalamba silitsutsana ndi mphatso.

Ophunzira a chaka chino sadziwa kusiyanitsa dothi lakuda la ku Bărăgan ndi mwaye wa m'chumuni, koma amamvetsera, ndipo zimenezo n'zokwanira poyambira. Tsopano ndikuphunzitsira m'laibulale, m'kachipinda kowerengera. Maganizo amenewa ndi a Mayi Zaharia. Ndikafika ndimapeza mabuku atayalidwa patebulo motsatana, lililonse lili ndi kapepala pa tsamba loyenera. Pa zaka zanga zonse sindinathandizidwepo chotere. Mphunzitsi wopanda munthu wa m'laibulale ndi khasu lopanda mpini, uziuze Ataliyana akowo.

Ndikulembanso za mchere wa m'dothi la m'mbali mwa mtsinje wa Prut. Ndikudikira buku lina kuchokera ku Cluj.

Nsapato zafika, n'zazikulu pang'ono.

Mayi ako akupereka moni. Apita kumsika m'mawa ndipo mpaka pano sanabwere, ukudziwa mmene amachezera ndi azimayi a kabichi aja. Ndikaponya kalatayi ku positi ndipita kukawachingamira.

Bambo ako,
T. Pricop

Iași, 22 Novembala 1998

Octav,

Moni. Uli bwanji? Wati ndisakubisire, ndiye nazi. Kalatayi ndaiika m'katoni ya mtedza imene ndapatsa a Ghiță, chifukwa a Tata amatsegula chilichonse chimene chili patebulo.

A Tata mutu sukugwiranso. Dokotala wawaona, wati sizibwerera. Kunyumba ndimapeza ketulo m'kabati ya zovala. Amafunsa za Mama tsiku lililonse, ndipo ndinasiya kuwauza zoona chifukwa ulendo uliwonse amalira maliro atsopano. Sabata yatha aneba anawapeza kumsika atayima pa azimayi a kabichi, osavala chipewa.

Koma Lachiwiri lililonse, kwa maola awiri, amakhala munthu wathunthu. Ndinapempha kuti phunziro lawo lizichitikira kwathu m'laibulale, ndinanamizira kuti mabuku ndi akale, sangatuluke. Dzulo lake ndimatenga zolemba zawo za zaka zam'mbuyo, n'kufuna buku lililonse limene adzatchule, n'kuwayala kuchokera kumanzere kupita kumanja. Akatseka lina, dzanja limapita lokha pa lotsatira, ndipo mawu amabwera. Ine ndimakhala kumbuyo ngati ndikusanja makhadi. Akaima n'kuyamba kuyang'ana pawindo, ndimadzuka n'kunena kuti, "A Pulofesa, buku la mapu lija ili." Amati, "Eya, zikomo Mayi Zaharia," n'kupitiriza ngati palibe chachitika.

Lachiwiri lapitali mtsikana wina anafunsa chifukwa chake munda wa agogo ake umatuwa ngati wathiridwa ufa mvula ikatha. Ukanawaona. Anamufunsa mudzi, anamufunsa kuya kwa chitsime, kenako anati, "Iwe mwana, agogo akowo akuthirira munda ndi msuzi wa nsomba!" Kalasi yonse inafa nacho chiseko, iwo n'kufotokoza za mchere mpaka belu, osaphonya liwu. Titatuluka pachipata anandifunsa kuti tramu yopita kwathu ndi iti. Akhala akuikwera chibadwire iwe.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Usauze munthu. Ndikufuna amalize chaka chino, afike Juni akuphunzitsa. Lachiwiri limenelo ndilo lawagwira. Lolemba amasita malaya, Lachitatu amakamba za dzulo. Likachoka sindikudziwa chimene chitsale.

Usandifunse mmene ndikumvera. Ndimadya, ndimagona, ndimadzuka. Chakudya chimangokhala ngati ndikutafuna thonje.

Smaranda

Torino, 6 Disembala 1998

Achemwali,

Moni, ngati moni ulipo. Kalata ya a Tata yafika pa positi. Yanu ayi. Ndapita kawiri poimira basi, a Ghiță akuti alibe changa. Ndiye mwayambanso, eti? Munthu akulemba kuti akupita kukachingamira mkazi amene tinamuika m'manda, inu muli phee, mukudinda makhadi.

Ndinawerenga kalata ija nditakhala pa thumba la simenti, ndipo anzanga anaganiza kuti ndalandira uthenga wa maliro. Mukuwalola bwanji kuima pamaso pa ana a eni ali chonchi? Mukudikira tsiku limene adzavule nsapato m'kalasi, mzinda wonse uziseka dzina la Pricop? Munthu uja ulemu wake ndiwo chuma chake chokha. Kapena mwazolowera kwambiri kuwatumikira pa kauntala, moti simukuonanso kuti amene waima kutsogolo kwanuyo ndi bambo anu odwala?

Poti inu simungathe, ndachita ine. Ndaimbira foni a Pulofesa Ungureanu, mkulu wa dipatimenti. Nambala ndinali nayo, paja ndi iwo anandigwira pa ubatizo. Ndawapempha m'dzina la banja kuti awapumitse mwaulemu zinthu zisanafike poipa. Anangoti amva.

Mukwiya, ndikudziwa. Koma mudzandithokoza. Nanunso mupume, mwasenza nokha mokwanira.

Octav

Iași, 17 Januwale 1999

Octav,

Moni. Chaka chabwino. Kalata yako ndinailandira Khirisimasi isanafike. Yanga ya m'katoni ya mtedza ndikuona kuti sunaione.

A Ungureanu anabwera okha ku laibulale. Anavula chipewa, anandipsompsona dzanja, naima pa kauntala ngati wophunzira amene wataya buku. Ndinati, "Phunziro likuyenda, a Pulofesa. Bwerani Lachiwiri mudzamve." Anati, "Mwana wanga, ndinabwera kale. Ndinaima kuseri kwa chitseko mu Novembala. Tonse tikudziwa, ndi ophunzira omwe. Tinangogwirizana kuyang'ana kumbali mpaka Juni." Ndinati, "Ndiye pitirizani kuyang'ana kumbaliko." Anati, "Chinthu chisananenedwe ndingathe. Koma chanenedwa, ndipo wanena ndi mwana wawo. Mawa akagwa pa masitepe ndidzati sindinamve?"

Phunziro alipereka kwa Mayi Irimia, mtsikana amene wangobwera kumene kuchokera ku Suceava. Anawakonzera phwando lotsanzikana, vinyo, maluwa, zolankhula. A Tata anaomba m'manja kwambiri kuposa onse, kenako anandinong'oneza kuti, "Kodi akupumayo ndani?"

Ukudziwa mwambo wake. Mphunzitsi akamachoka, pepala lake silitsekedwa popanda chidindo cha laibulale chonena kuti wabweza mabuku onse. Chidindocho chili m'dirowa yanga. Abwana anga anati ndingodinda, mabuku a laibulale amene ali m'nyumba mwathu akhale. Koma Mayi Irimia anabwera ndi mndandanda wawo, ndipo theka la zimene akufuna linali m'chipinda cha a Tata. Ena mwa mabukuwo mzinda wonse uno lilipo limodzi lokha. Ophunzira ali ndi mayeso. Ndikanati chiyani?

Ndinabwereka kangolo kotsetsereka pa chipale chofewa ka ana a aneba. Ndinkaganiza kuti a Tata alimbana nane, koma ayi, anandithandiza kumanga mitolo, mfundo zawo zaukhondo zija. Khoma lonse la kumbuyo kwa desiki linatsala mbee, mizere ya fumbi yokha. Ndikutuluka ndi mtolo womaliza anandigwirira chitseko nati, "Mayi Zaharia, kodi ndachedwetsa kwambiri?" Ndinati, "Pang'ono chabe, a Pulofesa." Aka kanali koyamba kunditchula choncho m'nyumba mwathu.

Ndinakoka kangolo kukwera chitunda cha Copou, ndinasanja mabuku, ndinachotsa kapepala ka dzina lawo pa shelefu n'kuika ka Mayi Irimia. Ndinadinda.

Sindinakwiye nawe. Ndayesa, sizikubwera.

Smaranda

Torino, 14 Febuluwale 1999

Achemwali anga,

Muli bwanji? A Tata ali bwanji, akudya? Katoni ya mtedza yafika dzulo. Akuti inatsitsidwa molakwika ku Padova, yakhala m'galaja ya munthu wina chikhalire. Mtedza wachita nkhungu. Kalata yanu ndaiwerenga, ndaiwerenganso, ndipo lero sindinapite kuntchito.

Ndinkayesa mukundibisira. Ndinkayesa ndikukutulani katundu. Ndine chitsiru, chitsiru cha matailosi, chimene chimathamangira foni chisanafunse. Nditukwaneni chonde, mundilembere kalata yotukwana yokhayokha, kusiyana ndi kundiuza kuti simunakwiye.

Ndiimbirenso a Ungureanu? Ndinene kuti ndinali nditaledzera, ndinanama, chilichonse. Awabwezere ngakhale ola limodzi pa sabata, ngakhale ophunzira atatu. Ndikanabwera pa Pasaka, koma mapepala anga sanatulukebe, ndikangotuluka m'dziko muno sindilowanso. Ndiuzeni chochita, ulendo uno ndimva.

Octav

Iași, 21 Malichi 1999

Octav,

Moni. Usaimbenso foni. Madzi akatayika saoleka, ndipo ngakhale atawabwezera phunziro, munthu wolitenga palibe. Mwezi wa Febuluwale unawadya msanga kuposa mmene dokotala ananenera.

Anasiya kusita malaya. Amakhala pa desiki kuyang'ana khoma lija. Dzina langa anasiya kulitchula. Ndikawapatsa supu amakankha mbale, amati, "Zikomo mayi, ndidikira a kunyumba." Thalauza likuwagwa. Masana amakhala ndi aneba, Mayi Profira, ndipo nawonso amawakanira.

Kuntchito zikuyenda. Mayi Irimia ndikuwathandiza monga ndimathandizira aliyense. Ndawaphunzitsa kufufuza pa kompyuta yatsopano ija, ndawaitanitsira magazini awiri, ndipo Lachiwiri ndimaonetsa ophunzira awo mmene angalembere mndandanda wa mabuku kumapeto kwa nkhani. Ndi mphunzitsi wabwino. Buku la ku Cluj limene a Tata ankadikira lija linafika, nkhani ya mchere aitenga Mayi Irimia kuti aimalize.

Tsiku lina ndinaweruka mothamanga, ndinaiwala kuvula khoti labuluu la kuntchito, buku la ku Cluj lili m'khwapa, makiyi ndasiya m'dirowa. Ndinaliza belu. A Tata anatsegula, anandiyang'ana, anamanga mabatani a jekete, nati, "Mayi Zaharia! Mwavutikiranji kubwera nalo mpaka kuno? Lowani, lowani." Anandikokera mpando. Ndinati ndabwera ndi njala, kodi a Pulofesa angadye nane? Anati n'zosayenera mlendo kudya yekha. Anamaliza mbale yonse, nandifotokozera za mtsinje wa Prut.

Ndiye ndi mmene tikukhalira. Madzulo alionse ndimaliza belu pakhomo panga, nditavala khoti, buku lili m'manja. Ndimalilembetsa m'dzina langa, m'mawa n'kulibweza. Akadya ndimatsanzika, ndimatuluka, ndimaima pa masitepe pang'ono, kenako ndimalowa mwakachetechete n'kukhala mayi wosadziwika uja amene amawayalira bedi.

Akufuna kukulembera. Dzanja lawo silikugwiranso cholembera.

Smaranda

Iași, 18 Epulo 1999

Mwana wanga Octavian,

Khristu wauka. Ndikukupatsa moni, ndipo undidziwitse ngati uli bwino. Usadabwe ndi kalembedwe, dzanja langa likunjenjemera masiku ano, ndiye ndapempha Mayi Zaharia a ku laibulale kuti andilembere. Avomera ngakhale si ntchito yawo.

Ndili bwino. Pakali pano sindikuphunzitsa, ndikuganiza kuti ndi tchuthi. Ndikuwerenga kwambiri. Mayi amenewa amandibweretsera buku tsiku lililonse, kukwera masitepe onsewa, ndipo sanandibweretserepo lolakwika. Ndawauza kuti nkhani yanga ikatuluka, dzina lawo lidzakhala pa tsamba loyamba, pa mawu othokoza. Akukana, koma ndikuwalamula kuti alembe zimenezi, ndipo ndikuona kuti alemba.

Pali chinthu chimodzi chimene chikundisowetsa mtendere, ndipo ndikuchita manyazi kuchinena pamaso pa mlendo. Mlongo wako Smaranda sabwera kudzandiona. Pasaka yadutsa, sanabwere ngakhale ndi dzira limodzi lofiira, monga mwa mwambo wa Pasaka. Sindikudziwa chimene ndinamulakwira. Mwina ndinali wouma naye. Ndinkafuna aphunzire kuima payekha pakati pa anthu, asamadziwike ngati mwana wa uje. Mwina ndinapitirira muyeso. Iwe amakumvera. Umulembere, umuuze kuti sindikufuna kanthu, ndikungofuna abwere akhale pampando apo, ndimuone nkhope. Sindidzamusunga nthawi yaitali.

Uzivala bwino, kumeneko kuli chinyezi.

Bambo ako,
T. Pricop

Octav, ndalemba liwu lililonse monga ananenera. Titamaliza anandifunsa ngati ndimamudziwa mwana wawoyo, poti mzinda uno ndi waung'ono. Ndinati ndimamuona patalipatali. Anati ndikakumana naye ndisamukalipire, mwina ali ndi mavuto ake. Ndinalonjeza.

Uwayankhe msanga. Unene kuti walankhula naye, ali bwino, ndipo abwera posachedwa. Ulembe zilembo zooneka bwino, chifukwa wodzawawerengera ndine.

S.